Mphezi za Sasare pa Chiliza cha Atate a Tisa

Lolemba

Mwala wafika, amisili aumanga kale. Loweluka tivundukula chiliza cha atate a Tisa. Chimanga chapita kuchigayo, mbuzi ilipo, azimayi a kutchalitchi auzidwa. Chatsala ndi chinthu chimodzi chopanda nzelu chimene ndinavomela m'chipatala chaka chatha. Amuna anga anandigwila dzanja, ati tsiku la chiliza anzawo a bandi adzawaimbile nyimbo yawo pamanda. Ndinati inde. Munthu ali pa dilipu ungamukanile chiyani?

Bandi yake ndi ija ya Mphezi za Sasare, imene inkasokosa m'mabala a pa boma pano ife tili atsikana. Tsitsi ngati chisa, mathalauzi osesa msewu. Amuna anga ndiwo anali a besi, gitala lija la nsambo zonenepa longolila dum-dum, dum-dum-dum. Nyimbo yawo yotchuka, "Ndidikile pa Kacholola", imayamba ndi dum-dum yomweyo. Ndaimva zaka zonse za ukwati wanga kuseli kwa khoma: ndikuphika, ndikudwala malungo, ngakhale ndikugoneka mwana wakhanda. Mawu anga anali amodzi, tsekani chitseko, mukundiwawitsa mutu.

Mphezi zotsala, monga ndamvela:
– aMwanza, oimba. Ali ku Msanzala, ati ndi mkulu wa mpingo. Iwo aja!
– aDaka, a gitala. Alima thonje ku Ndake.
– aChanda, a ng'oma, Mubemba. Agulitsa nthochi pa Nyimba.

Mailo ndiyamba ndi aMwanza.

Lachiwili

Ku Msanzala. Tsitsi lija lonse linapita, mutu uli mbee. Mano akutsogolo nawonso anatsanzika. Andilandila atavala jekete, Baibulo lili kukhwapa, ngati sindinawaonepo akugudubuzika pa siteji malaya ali m'manja, atsikana akukuwa.

Ati: "Amai, zinthu zakale zinapita. Nyimbo ija ndi ya kudziko."

Ndawakumbutsa kuti usiku wina anagwela m'ngalande ataledzela, ndipo amene anawatola ndi kuwabeleka mpaka kwawo ndi malemuwo. Akhosomola. Ayang'ana nkhuku. Mapeto ake avomela, koma ati mawu asinthidwe, m'malo mwa Kacholola aziti "Ndidikile ku Yolodani", chifukwa kwaya ya mpingo wawo idzakhalapo. Yolodani! Amuna anga ankandidikila pa Kacholola mvula ikuwathila, ku Yolodani sanapondeko.

Ndavomela. Miyendo ikuwawa.

Ponditsazika andifunsa ngati aDaka adzabwela. Ati sayankhulana nawo. Ati nyimboyo anapeka ndi iwo, aDaka anangowabela ulemu. Nyimbo ya kudziko yomweyo, koma ulemu wake akuufuna.

Lachitatu

Ku Ndake. Basi mpaka pa Nyimba, kenako njinga yamoto, msana wanga uli m'madzi.

ADaka ndawapeza akupopela thonje. Khutu limodzi linafa kalekale chifukwa choima pafupi ndi sipika, ndiye uyenela kuwazungulila mbali inayo. Ndakuwa nkhani yonse ya chipatala pakati pa munda, mpaka anthu odutsa aima.

Gitala lilipo, lofiila, lili pansi pa bedi. Mmene lilili:
– nsambo zina anachotsa, ati zimagwila bwino mbewa pa misampha
– m'malo mwake aikamo waya wa mabuleki a njinga
– kumbuyo makoswe anayesako mano

Aliyesa pang'ono. Zala zinauma ngati chinangwa. Ati palibe vuto, ampu yokwezela mawu ilipo, batile ya galimoto abweleka kwa mpongozi wawo. "Tikaika malaiti, amai, manda onse adzuka." Zikomo, ine ndikufuna ogonawo agone.

Nawonso ati nyimbo anapeka ndi iwo, aMwanza ankangotsegula kukamwa. Sindinawauze za Yolodani. Khutu limodzi latsalalo ndilisunge mpaka Loweluka.

Lachinayi

Ndagona kwa mlamu pa Nyimba. M'mawa kwa aChanda.

Mubemba sachita manyazi pamaso pa ife akum'mawa. Ndi chimbuya, chibale chonyozana chija, ngakhale pamalilo amatinyoza ndipo sitikwiya. Angondiona, ati: "Mwabwela, mkazi wa wodya makoswe? Mwala wake mwalembapo kuti anamaliza mbewa zonse za ku Petauke?" Ndawayankha kuti bola mbewa kusiyana ndi anyani amene amadya kwawo. Aseka mpaka kutsamwa. Kenaka atembenuka, apukuta m'maso ndi chipewa, ati utsi. Pamalopo palibe moto.

Nkhani ya ng'oma: yaikulu ija ili kuseli kwa khitchini, nkhuku ikufungatila mazila m'katimo. Akazi awo aima pamenepo manja ali m'chiuno, ati amene akhudze nkhukuyo akhudze kaye iwo. Chitsulo chozungulila chija chomenyela limodzi ndi ng'oma chimavundikila mbiya ya madzi. Zing'onozing'ono adzukulu anaboola.

Abwela ndi zigubu ziwili za mafuta ophikila ndi timitengo. Mphezi za Sasare, zigubu. Ndikanakhala wina ndikanalila.

Lachisanu

Onse atatu afika kunyumba kuti ayesele. Ayesela kudya basi. Tambala wanga wapita.

AMwanza akhala uku, aDaka uko, akuyankhulana kudzela mwa ine ngati ana. "Auzeni bambowo kuti kiyi ya gitala yakwela." "Auzeni kuti si kiyi, ndi mano." ADaka alumikiza ampu ku batile. Yalila kamodzi ngati ng'ombe, yatulutsa utsi, yafa. Nyumba yonse ikununkha waya wopsa. Pamene amva za Yolodani, khutu lakufa lija lamva bwinobwino. Mkangano mpaka dzuwa kupendeka. Nyimbo osaiyamba n'komwe.

Besi ya atate a Tisa ili pakhoma pomwe anaisiya. Ndafunsa kuti nanga imeneyi aimba ndani mailo. Andiyang'ana ngati ndafunsa za mwezi. ADaka ati: "Besi ndi chiyani, amai? Palibe amaimva. Anthu ankabwelela gitala." AMwanza ati ankabwelela mawu. Apa pokha agwilizana, kuti amuna anga ankangoima kumanzele n'kumagwedeza mutu.

Zandiwawa. Kunyoza besi imeneyo ndi ntchito yanga, osati yawo.

Tisa wafika kuchokela ku Lusaka, ati amama, ingoikani kwaya, atate sadzadziwa. Iwo sadzadziwa, ine ndidzadziwa.

Loweluka

Kumanda anthu ambili. AChanda atipaka ufa kumaso tonse, ngakhale abusa, monga mwa chimbuya. Pemphelo, kwaya, nsalu yachotsedwa. Mwala ndi wabwino, dzina alemba molondola.

Kenaka abusa ati tsopano anzawo a malemu. Aimilila. AMwanza pakati, aDaka kumanja ndi gitala lopanda malaiti, aChanda kumbuyo ndi zigubu. Kumanzele asiya malo, osauzidwa ndi munthu.

AChanda akweza timitengo. AMwanza akoka mpweya. Zii.

Palibe wayamba. Anthu akuyang'anana, mwana wina akulila, kwaya yayamba kunong'ona. Ndiye ndikuona madala atatu onsewo atembenuzila mitu kumanzele, akudikila. Zaka zonse zija sanawelengepo kuti wani, thu, fili. Ankangomva besi yayamba, iwo n'kulowa. Njila ina yoyambila nyimboyi saidziwa. Aima pamenepo timitengo m'mwamba, kukamwa yasa, akudikila munthu amene wagona pansi pa simenti.

Manyazi andigwila, mtima nawo ukuwawa. Ndiye ndikumva mawu: dum-dum, dum-dum-dum. Ndi anga. Ine, mayi wa chigwilizano, ufa uli kumaso, ndikulila ngati chule pamaso pa apongozi. Sindinaiphunzilepo, inangolowa yokha kudzela pakhoma paja.

Alowa. Zigubu zayamba, gitala likulila ngati udzudzu, aMwanza atseka maso. Yolodani aiwala! Akuimba Kacholola yeniyeni, mwendo ukunjenjemela monga kale, kwaya yawo ili pomwepo ikuona mkulu wa mpingo akupotokola chiuno. Azimayi ena achikulile akudziwa mawu onse, amene aja amakhala kutsogolo m'tchalitchi. Ine sindingasiye, ndikangopuma pang'ono onse atatu akusokonekela. Ndadumduma mpaka kumapeto, misozi ikupanga phala ndi ufa.

Kuimba koipa chotele sindinakumvepo.

Lamulungu

Alendo apita. Mbale zasowa, mpando umodzi wathyoka. Kukhosi kwanga kwatupa, kutchalitchi sindinapite. Ndamva kuti ana pamsewu ayamba kale kunditcha amai Dumdum.

Nkhani za Mphezi lelo:
– aMwanza aitanidwa ndi akulu anzawo kuti akafotokoze za chiuno
– aChanda aiwala chigubu chimodzi, sindibweza
– aDaka pokwela basi ati ndinalowa mochedwa, koma "mumagwila nthawi ngati malemu". Ati tikumanenso tiyesele. Akadikile pa Kacholola.

Za amene anapeka nyimbo sanagwilizanebe. Ine ndikudziwa amene anaipeka, ndikudziwanso mtsikana amene ankachedwa dala, koma palibe wandifunsa.

Tisa akufuna kutenga besi apite nayo ku Lusaka. Ndakana, ndati ikutseka ming'alu pakhoma. Ndaipukuta fumbi, chala chakhudza nsambo yonenepa ija, yalila kamodzi.

M'nyumba muli zii, mutu sukuwawa. Chitseko cha chipinda chimene atate a Tisa ankaimbilamo ndachisiya chotsegula.