Mano a Dolika ndi Kalendala ya Njati Ziwiri

Sukulu ya m'mudzi,
Kufupi ndi Madzimoyo,
Fort Jameson.
14 Ogasiti, 1946.

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Mankhwala Otsuka Magazi a Njati Ziwiri,
Joni.

Bwana wolemekezeka,

Ndagwada ndipo ndikuwomba m'manja, ngakhale simukundiona, kupempha kuti mundilole ndikulembereninso. Ndine Abednego Miti, mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono. Dzinali mukulidziwa bwino, pakuti mwezi ndi mwezi mumalisindikiza m'nyuzipepala, m'munsi mwa chithunzi cha mayi woseka uja wa pabotolo lanu. Kalata ino ndailemba katatu. Ina ndi imene mwagwirayo, ina ndaikhoma pamtengo wa pafupi ndi positi kuti odutsa awerenge, ina ndapatsa mkazi wanga Dolika, poti mwini nkhani ndi iyeyo.

Popeza muli ndi ntchito zambiri, ndikukumbutseni mmene tinadziwirana. Chaka chatha, atabadwa mwana wathu wachisanu, Dolika anafooka. Akapita kudambo ankapuma kawiri panjira, ndipo mtondo ankangouyang'ana. Ine, munthu wowerenga, ndinaona chilengezo chanu chonena kuti kufooka konse kumachokera m'magazi akuda. Ndinapalasa njinga mpaka ku Boma ndi kukagula botolo limodzi. Masiku oyamba anatsegula m'mimba koopsa, kenaka anati thupi lapepuka. Tsiku lachisanu ndinamupeza akusinja chimanga uku akuimba.

Apa ndiyenera kukufotokozerani mwambo wathu, chifukwa ndi umene unandigwetsa. Kwathu kuno munthu akakupatsa nkhuku, sudikira kuti uone kaye ngati iikira mazira. M'mawa mwake umalawirira pakhomo pake kukathokoza za dzulo, ndipo wochedwa kuthokoza timati sanaleredwe. Tsono pakhomo panu ndi patali, ndiye ndinatenga cholembera. Sindibisa, papepala lokulunga botolo munalonjeza kalendala kwa aliyense wolemba kalata yoyamikira, ndipo khoma la sukulu yanga linali mbee. Ndinakhuthula Chingerezi changa chonse cha Sitandade 6. Ndinalemba kuti mkazi wanga wasanduka mtsikana, ndi kuti mwamuna aliyense wokonda mkazi wake amugulire Njati Ziwiri. Ndinasaina ndi dzina lonse, ndi kulemba mzere pansi pake.

Lero ndabwera kudzamaliza kuthokoza kuja, pakuti nthawi ija ndinali ndisanaone mphatso zanu zonse.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kalendala. Inafika bwino, njati zake zonenepa, ndipo ana a sukulu aphunzirirapo mayina a miyezi. Inenso yandithandiza. Ndi pamenepo ndinkalemba kamtanda tsiku lililonse limene dzino la Dolika lagwa. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale timitanda tilipo tisanu ndi tinayi.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mphamvu ya mankhwala anu. Munalonjeza kutsuka magazi okha, koma anapitiriza ndi kutsuka m'kamwa momwe, ntchito imene sitinapemphe n'komwe. Pofika botolo lachitatu, malovu ankangotuluka osaleka, nkhama zinatupa, ndipo mpweya wake unkanunkha ngati khasu ladzimbiri. Ine, mwa nzeru zanga za uphunzitsi, ndinamuuza kuti ndi zoipa zija zikutuluka, apitirize kumwa. Mano atayamba kugwedera tinapita kuchipatala cha mishoni. Dona wa kumeneko anayang'ana m'kamwa, anayang'ana botolo, kenaka anandiyang'ana ine nthawi yaitali kuposa zonsezo. Anati m'botolomo muli chitsulo chamadzi chija chimakhala m'kagalasi koyezera kutentha kwa thupi. Ndinadabwa ndi kuwolowa manja kwanu, Bwana. Kuchipatala kagalasiko amangomulumitsa wodwala kanthawi kochepa ndi kumulanda, koma inu mumalola munthu kumeza zam'kati mwake.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha mtendere wa panyumba. Kale chimanga chikacha tinkalimbirana chootcha, ndipo nzimbe sinkagona m'nyumba muno. Tsopano zonse ndi zanga ndi ana, Dolika ndi waphala ndi maungu. Zoti azimayi a mumpingo akusowa woyambitsa nyimbo Lachinayi, zimenezo si zanu, adzapeza wina. Koma pano, Bwana, mundikhululukire, ulemu ukundivuta pang'ono. Dolika ndinamukwatira chifukwa cha kuseka kwake. Ankaseka mutu uli chagada, anthu a kutsidya kwa dambo n'kudziwa kuti kwa aphunzitsi kuli alendo. Lero akafuna kuseka amayamba wafunafuna nsonga ya nsalu kuti atseke pakamwa, ndipo akamaipeza kusekako kwatha. Zimandipweteka tsiku ndi tsiku, makamaka podziwa kuti botolo ndinagula ndine, ndipo supuni ndinkagwira ndine. Iye sanandikalipirepo. Anangoti, “Atate a Vailet, tsiku lina mukafuna kundikonda muziyamba mwafunsako anzanu.”

Chachinayi, zikomo chifukwa cha loya. A Paison Zulu, amene anakalambira pa ntchito yomasulira m'bwalo la milandu, ndiwo anandithandiza kulemba dandaulo lokakusumirani kubwaloko, ndipo anandichenjeza kuti kampani yaikulu chotere mwina siyankha n'komwe. Koma inu munatilemekeza. Munatumiza mzungu wathunthu, wa jekete lakuda, amene anadutsa Luangwa pa lole ndi kufika kuno ali wofiira ndi fumbi, zonsezi chifukwa cha m'kamwa mwa mkazi wa mphunzitsi wa m'mudzi. Anthu anadzaza khonde la bwalo. Dolika anavala diresi lake la Mgonero, ndipo woweruza atamupempha, anachotsa nsalu ndi kutsegula pakamwa pamaso pa anthu onsewo. Aka kanali koyamba kuchita zimenezi chigwereni mano.

Loya wanu anayamba ndi supuni. Anati pabotolo panalembedwa supuni yaing'ono, ndipo mwina anthu a kuno timamwera chipande. Ndinatulutsa supuniyo m'thumba, poti ndinabwera nayo. Ndi yaing'ono ndithu, tinapatsidwa pa ukwati wathu. Pamenepo mtima wanga unayamba kuvina, ndinkati mlandu tapambana. Koma iye sanatekeseke. Anatsegula chikwama, natulutsa pepala limene ndinalizindikira lidakali m'manja mwake, chifukwa cha mzere uja wa pansi pa dzina.

Anawerenga kalata yanga yonse, pang'onopang'ono, womasulira akutsatira m'Chinyanja kuti ndi a pakhonde omwe amve. Anawerenga bwino, Bwana, mumuwonjezere malipiro. Pa mawu akuti mkazi wanga wasanduka mtsikana anaima kaye, nayang'ana Dolika. Anayamikiranso kalembedwe kanga, kuti zilembo zake ndi zoongoka kuposa za makalaliki a ku Joni, ndipo ndikuvomera ndi manyazi kuti kwa kamphindi ndinamva kukoma. Woweruza anandifunsa ngati dzanjalo linali langa. Ndinati ndi langa. Anandifunsa ngati wina anandikakamiza. Ndinati iyayi, ndi mwambo chabe. Anati pepala lili pamaso pake likunena kuti mankhwala anachiritsa, ndipo pepala lonena zina palibe, poti dona wa kuchipatala anali atapita kwawo kutchuthi. Mlandu unathera pomwepo. Potuluka a Paison anandigwira paphewa, nati, “Aphunzitsi, zaka makumi awiri m'khoti muno, sin'naonepo munthu obwera na mboni yom'tsutsa yekha, yovala bwino so.”

Chachisanu, ndipo ichi ndicho chandilembetsa kalata ino, zikomo chifukwa cha kutchuka. Atate anga anamwalira dzina lawo lisanadutse mtsinje wa Msipazi, koma langa lafika ku Kasenengwa, ku Mwami, ngakhale ku migodi. Mwezi uliwonse kalata ija imatulukanso, yosakalamba, yosagwa dzino ndi limodzi lomwe. Ndipo anthu a kuno amakhulupirira mphunzitsi. Mwezi wathawu amayi ena, a Rosina a ku Kasenengwa, anayenda mtunda wonsewo ndi nkhuku m'manja kudzandithokoza. Mwana wawo Lenia anali atangobereka kumene ndipo anafooka, tsono mkamwini wawo anawerenga mawu anga ndi kumugulira mabotolo awiri. Iwonso, mwa mwambo womwe uja, analawirira kudzathokoza mankhwala asanamalize ntchito yake. Dolika anangochotsa nsalu pakamwa. Tsiku lomwelo ndinawakweza amayiwo pakaliyala, ndi kukalanda mabotolowo ndi manja anga. Lenia mano ake alipo onse, koma nkhama zinali zitayamba kale kufiira.

Chiyambire tsikulo, Loweruka lililonse ndimapalasa njinga m'midzi kukauza anthu kuti ndinalakwitsa. Koma njinga yanga ndi imodzi, matayala ake ndi ozigamba, pamene nyuzipepala imayenda pa lole. Choipa china n'chakuti mawu osindikizidwa ndi makina amalemera kuposa a pakamwa. Bambo wina ku Mtenguleni anandimvetsera mpaka kumaliza, kenaka anati, “Imwe a Miti a panjinga, musaononge dzina la a Miti a m'nyuzi, aja ni ophunzira.” Ndinalephera kumutsutsa, pakuti a Miti a m'nyuzi amalankhula Chingerezi chabwino ndipo satuluka thukuta.

Ndakulemberani katatu kupempha kuti kalata ija muichotse. Yankho lake munanditumizira kalendala ina. Zikomo, nayonso ndi yokongola, koma ndilibe mano ena oti ndilembepo.

Tsono, Bwana, ndaona kuti makalata anga mumawakonda. Yoyamba ija munaisunga bwino m'chikwama, munaikweza lole, munaiwerengetsa pamaso pa woweruza. Pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wamng'ono ngati ine. Musachotse kalata yoyambayo, poti ndaona kuti simungathe kusiyana nayo. Ingoikani ino pambali pake, pa tsamba lomwelo, ndi zilembo zazikulu chimodzimodzi, kuti a Miti awiriwa akumane ndipo owerenga asankhe okha womumvera. Sindifuna kalendala.

Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza kaphukusi. Muli botolo lanu lopanda kanthu, ndipo zimene zikulira m'katimo mukaligwedeza ndi mano asanu ndi anayi aja. Ana akagwa dzino timawauza kuti aliponye padenga kuti limere lina, koma Dolika wati msinkhu umenewo anaupitirira, ndi bwino apite kwa amene anawagwetsa. Ngati wojambula wanu ali ndi mpata, awajambule pafupi ndi mayi woseka wa pabotolo uja. Tikufunanso kudziwa, mwaulemu, ngati mayiyo anamwako.

Pomaliza, Dolika akupereka moni kwa Dona wa kunyumba kwanu. Wati ngati nawonso amatopa, tili ndi mabotolo awiri a Lenia, limodzi losatsegula n'komwe, ndipo tidzawatumiza mokondwa pamodzi ndi supuni yathu ya ukwati, yaing'ono ija. Chimene akupempha n'chimodzi chokha. Dona asafulumire kutithokoza monga ndinachitira ine. Ayambe amaliza botolo lachitatu, kenaka atilembere, ndipo kalata yawo tidzaikhoma pamtengo wa pafupi ndi positi kuti aliyense awerenge.

Ndine wantchito wanu wodzichepetsa, amene anathokoza msanga,

Abednego Miti,
Mphunzitsi, mwamuna wa Dolika.