Anankafumbwe m'Makadi Anga a Kompyuta

Lolemba

Mzungu wa pa kompyuta ku Lusaka akubwerera kwawo, ndipo pamalo pake pakufunika mwana wa dziko lino. Ine! Abwana akuti: "Tionetseni ntchito yanu Lolemba likudzali, apo ayi muziyezabe ngalande kuno ku Chipata."

Ntchito yanga ndi iyi: kuti kompyuta iwerenge mayendedwe a madzi pa damu la ku Madzimoyo, damulo liyenera kugawidwa m'tizigawo ta makona atatu, ngati ukonde. Anthu amajambula pamanja mpaka kupindika msana. Pulogalamu yanga iluka yokha ukondewo. Ili pa makadi obowola amene kompyuta imawerenga zibowo zake, katoni yodzaza, khadi lililonse pamalo pake. Kompyuta ili ku Lusaka, ndiye makadi akwera basi.

Lachiwiri

Amayi afika kuchokera kumudzi ndi thumba la mtedza. Ndikuchokera kuntchito, ndikupeza makadi onse ali yale pamphasa, padzuwa, owazidwa phulusa!

"Anankafumbwe akukuthera mabuku, mwanawe. Zibowo zokhazokha!"

Asankhanso ngati chimanga: odyeka kwambiri uku, odyeka pang'ono uko. Pa makadi sindinalembepo manambala. Ndikufuna kulira, koma kholo ungalilirire pamaso likukuthandiza?

Lachitatu

Ndikusanja makadi. Zimene ndapeza:
lina, nkhuku yasiyapo chidindo;
lina likuchirikiza mwendo wa tebulo;
lina akazi anga akolezera mbaula.

Lopsalo ndikulipanga ndi chikuto cha kope ndi lezala. Zibowo ndikuchita kukumbukira. Mutu waima.

Lachinayi

Katoni yakwera basi. Kondakitala akuti: "Osadandaula, mkulu." Akuiponya padenga, pansi pa njinga ndi dengu la nkhuku. Mitambo yakuda bii chakumadzulo, kumene basiyo ikulowera.

Lachisanu

Lamya ya ku ofesi. Mnzanga wa ku Lusaka akukuwa: "Mwatitumizira makadi kapena mbaula? Makina atsamwa phulusa!" Akuti ayanika makadi onyowa ndi mvula, apukuta makina, ayesa. Akuluakulu onse a kumeneko tsopano akulidziwa dzina langa. Sindinkafuna kutchuka chonchi.

Loweruka

Pepala labwera ndi basi ya mmawa. Ukonde wanga! Tizigawo tonse taunjikana pakona imodzi ngati nyerere pa shuga. Kwinako kwatsala chigawo chimodzi chachikulu, nsonga yake yatuluka m'damu, yalowa m'Malawi popanda pasipoti. Madzi akukwera phiri. Mnzanga walemba m'munsi: "Pepani."

Khadi limodzi lili pamalo olakwika, kaya khumi. Loti ndiyambe nalo silikuoneka. Basi ina ilipo, koma Lolemba ndi mkuja. Zatha.

Amayi akusuzumira pepalalo: "Ukanawaza phulusa lambiri."

Lamulungu

Ku Misa. Potuluka ndikuwauza amayi kuti za Lusaka zakanika, ndikhala konkuno ndi ngalande zanga. Ndikudikira kuti andipepese.

Akuwomba m'manja, akululutira pakhomo pa tchalitchi!

"Kolona yonse ija ndimapempha chomwechi. Ku Lusaka ukapita, ndani adzandiika m'manda?"

Akazi anga akuyang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Ndafika kunyumba, ndatsuka majombo a mawa. Sabata ino m'banja muno munali mapulogalamu awiri. Ya amayi yayenda popanda cholakwa.