Riboni Yofiira pa Makina a Mpweya

Kwa Olemekezeka Nduna Yodula Maliboni,

Zikomo bwana. Lero kwacha ndi chisanu kuno ku Kabwata. Mphepo ikuliza malata, makondakitala akukuwira opita ku tauni, koma m'nyumba mwathu muli zii, chifukwa amene amatsokomola m'mawa uliwonse mulibemo. Ndine mwana wasukulu chabe, mundikhululukire polowa m'nkhani za akuluakulu. Ndangobwera kudzathokoza.

Mlongo wanga Bethany anabadwa ndi matenda a magazi. Chaka chatha, ku India, madokotala anatenga maselo a m'mafupa mwanga n'kumuika iye. Anatichenjeza kuti maselo angawo akhoza kuukira mapapo ake mwakachetechete, ndipo zikadziwika mochedwa mapapo sabwereranso mwakale. Mu Epulo anthu akufuna kwabwino anapatsa chipatala chathu makina. Wodwala amangopumira m'kapaipi, makinawo n'kuonetsa ngati mapapo ayamba kutupa. Palibe singano, palibe chubu chapakhosi.

Choyamba, ndithokoze riboni yofiira imene munalamula kuti imangidwe pamakinawo mpaka mutabwera kudzaidula. Ndi riboni yolimba, miyezi iwiri osasuluka. Anamwino athu, ba Kangwa, amaipukuta fumbi Lolemba lililonse. Akuti m'wodi monse palibe wodwala wosamalidwa ngati iyo.

Chachiwiri, ndithokoze kuti mwasintha tsiku katatu. Ulendo woyamba mahema sanafike. Wachiwiri munali kotsegulira mpopi. Wachitatu wojambula wa pa TV anali ndi chimfine, ndipo tikumufunira kuchira msanga. Tikumvetsa, bwana. Makina kuyamba ntchito popanda kwaya ndi kamera n'kupanda ulemu.

Chachitatu, mwandiphunzitsa kudzidalira. Ndimawerenga mapazi amene Bethany amayenda kuchokera pageti asanaime kuti apume, n'kulemba kumbuyo kwa kope la sayansi. Mu Epulo anali makumi anayi. Sabata yatha anali khumi ndi awiri. Sindidziwa ngati ndi chisanu chabe kapena ndi maselo anga akumudya. Makina amene akudziwa akadali mupulasitiki, akudikira inu.

Pempho langa ndi laling'ono. Ngati vuto ndi lumo, amayi anga ndi telala. Lumo lawo ndalinola ndekha ndipo ndalisiya kwa ba Kangwa. Kuchokera kwanu ku Kabulonga si patali. Mungodutsa, ngakhale osazimitsa galimoto. Ine ndi amayi tidzaomba m'manja ngati anthu zana. Bethany yekha mumukhululukire akalephera kuimirira ndi kuimba nawo nyimbo ya fuko. Si mwano, mpweya sukumukwanira.

Dzulo tinapita atatu kuchipatala. Tinabwerako awiri, ine ndi amayi, ndi nsapato zake m'chikwama. Bethany anatsala pa okosijeni, bedi lachiwiri kuchokera pa riboni yanu.

Ine wanu wodzichepetsa,
Reuben Sakala
Giredi 11, Kabwata