Wodwala Saonedwa Chimanjamanja

Lolemba

Makilo 104. Ndayezela pa sikelo ya pa depoti ya chimanga, chifukwa ya kunyumba imasintha maganizo malinga ndi phazi limene layamba kuponda. Kalaliki wa pa depoti sanaseke. Munthu wabwino.

Ndilembe mmene zinthu zilili, kuti ndisadzinamize:

- Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ku India, anandichepetsa chifu. Anasiya kathumba konga dzila, n'kukalumikiza ku matumbo. Ndinatsika kuchoka pa 128 kufika pa 84.
- Kakhomo kotulukila chakudya m'kathumbako katanuka ngati lasitiki ya siketi yakale. Chakudya chimangodutsa, njala n'kubwelanso. Makilo 20 abwelela.
- Lolemba likudzali ku Lusaka, adokotala adzalowetsa kapaipi ka kamela kudzela pakamwa n'kusoka kakhomoko kuti kachepe. Mpeni palibe.
- Akasoka, milungu isanu ndi umodzi ya zamadzi zokha, apo ayi ulusi umaduka. Choncho akufuna umboni: sabata ino ndimwe zamadzi zokha, ndilembe zonse m'buku lino, ndifike ndi 102. Ndikalephela, malo anga apatsa wina, ine ndidikile chaka chamawa.

Lelo: msuzi wosefa, mkaka, tiyi wopanda shuga. Ndaphunzitsa sayansi zaka 24. Sabata imodzi si nkhani.

Lachiwili

Amuna anga, aDaka, akuti auza munthu mmodzi yekha. Pofika masana Petauke yense akudziwa kuti ndikupita ku opaleshoni.

Afika azimai a kumpingo asanu ndi atatu, patsogolo Amai Tembo. Nyimbo ziwili, pemphelo, kenako nsalu zichoka pa madengu: vitumbuwa, mbatata, nkhuku yokazinga.

Ndifotokoza. Ndijambula chifu papepala, ndi timivi tosonyeza kumene chakudya chimapita. Amai Tembo ayang'ana chithunzicho mwaulemu ndithu. "Tamva, aphunzitsi. Koma wodwala akayamba kukana chakudya ndiye kuti zafika poipa. Tiitane abusa?"

Ndadya chitumbuwa chimodzi, kuti abusa asavutike. Ndi ntchafu ya nkhuku.

Lachitatu

Apongozi afika kuchoka ku Luembe. Zaka 78, pa njinga yamoto mpaka pa Nyimba, kenako minibasi. Katundu: thumba la nshawa, mkoko wathunthu wa nthochi, nkhuku ziwili zamoyo.

"Kusoka munthu kudzela pakamwa? Mwasanduka thumba la chimanga, amake Misozi?"

Ndiyambanso za kakhomo. Andidula. "Mwaiwala chaka chija munaonda? Ku Luembe anthu anali kundipepesa panjila. Mwana wanga mpaka anapita kukayezetsa magazi. Mulungu wabweza thupi, inu mufuna kulithamangitsanso!"

Sindinaiwale. Ndikalowa mu stafu anzanga ankasiya nkhani pakati. Koma chaka chomwecho shuga yanga inatsika, ndipo pano ikukwelanso. Manambala ndili nawo. Palibe amene akufuna kuwaona.

Zaka 26 m'banja lino, nthutumba ya nkhuku imapita kwa aDaka. Lelo apongozi aiika m'mbale mwanga ndi dzanja lawo, mwana wawo akuona. Ndikanakana bwanji? Ndatafuna ka makumi anayi, mwina isanduka madzi. Siinasanduke.

Lachinayi

Njila ina. Ndamata pepala pachitseko: ZAKUMWA ZOKHA, MWA LAMULO LA ADOKOTALA.

Anthu amvela! Zabwela:

- thobwa, chigubu cha malita asanu
- munkhoyo, mabotolo atatu
- maheu
- phala la nshawa loti supuni imaima yokha

Zonse zothila shuga mosaumila, popeza n'za wodwala. Ndipo mlendo aliyense akhala pampando, manja pa maondo, mpaka aone kapu ya chakumwa chake yatha. Amai Tembo afunsa ngati thobwa lawo lili ndi vuto, poti munkhoyo wa anzawo ndamwa kawili.

3 koloko: thukuta, mtima kuthamanga, chizungulile. Ndikudziwa chimene chikuchitika, shuga yagwela m'matumbo nthawi imodzi. Kudziwako sikuthandiza. Ndigona pa simenti mphindi makumi anayi.

Apongozi aima pamutu panga. "Mwaona? Njala iyo." Nkhuku yachiwili yapita.

Lachisanu

Ndathawa. Ndadzipeleka ku msonkhano wa aphunzitsi a sayansi pa sukulu ina kufupi ndi Kacholola, umene aliyense mu stafu anaukana. Flasiki ya msuzi m'chikwama. Kumeneko palibe wondidziwa.

Pa siteji ya Kacholola mawu alowa pawindo: "Madamu! Tamva!" Mai amene ndinamuphunzitsa kalekale, pano amaotcha chimanga. Ziwili, zotentha, aponya pamiyendo panga. Wakana zoti ndimubwezele, maso ali ndi misozi.

Pa sukulupo aphela alendo mbuzi. Ahedi aimilila: "Mlongo wathu apita ku mpeni Lolemba. Za mailo sitidziwa, mawa ndi la Mulungu. Ayambe ndi iye kutenga."

Ndinena kuti mpeni palibe. Aombela m'manja kulimba mtima kwanga.

Flasiki yabwelela yodzaza.

Loweluka

Pa depoti: 105 ndi theka. Kalaliki atsokomola. "Tiyeseko opanda nsapato, amai?" 105.

ADaka ali ndi nzelu: ting'ambe masamba awa, tilembe ena aukhondo, msuzi m'mawa, msuzi madzulo. "Adokotala adzadziwa bwanji?" Ndawakumbutsa kuti ku Lusaka nakonso kuli sikelo. Ndipo ngakhale nditawapusitsa, ulusi udzadukila m'mimba mwa ndani? Anthu awa akamva kuti ndatuluka m'chipatala adzabwela owilikiza.

Ndajambula masamba onse pafoni ndi kutumiza kwa adokotala, osachotsapo ngakhale nthutumba.

Ndatopa. Maondo akupweteka ngati kale.

Lamulungu

Kutchalitchi andipemphelela ndi dzina. Mabanja atatu apepesa kuti sanabwele, abwela ndikachoka ku Lusaka.

Yankho la adokotala lafika masana. Malo a Lolemba apatsa wina. Sindikuwada, inenso mwana wosalemba mayeso sindimukwezela kalasi. Koma awonjezela: "Bwelani mailo Lolemba ndithu, pamodzi ndi munthu amene amakuphikilani, ndilankhule naye. Za chaka chamawa tiyambile pamenepo."

Ndawelenga amene andiphikila sabata ino. Anthu 19.

Apongozi adzipeleka kuimila onse. Akuti nawonso ali ndi mawu ndi adokotala amenewo. Apempha kuona nkhope yawo, ndawasonyeza kachithunzi ka pafoni. Ayang'ana nthawi yaitali, apukusa mutu.

Basi inyamuka 5 koloko m'mawa. Pano apongozi akukazinga nshawa za paulendo, ndipo atuma aDaka kukafuna tambala wamkulu wopita naye kwa adokotala. Akuti pachithunzipo mwana wa eni akuoneka kuti sakudya.