Zoika M'mimba mwa Tambala

Lolemba, 19 Disembala

Ndatsimikiza. Tambala wa Khirisimasi chaka chino ndiphika ine, ndipo ndimuphika wathunthu, osadula. Ndaona pafoni mzimayi wina akulonga zinthu m'mimba mwa nkhuku: masoseji, zipatso, nyenyeswa za buledi. Akusoka pamimbapo ndi ulusi, nkuotcha. Poidula, anthu akuwomba m'manja.

Manja amenewo ndikuwafuna. Makamaka a alamu anga amake Dalitso, akazi a achimwene Yohane a ku Boma. Khirisimasi yatha ndinaphika mpunga, unafewa pang'ono chabe, iwo nkufunsa pamaso pa anthu onse: "Kodi phalali ndi la odwala a ku mishoni?" Anaseka onse, ngakhale abambo. Chiyambire tsiku limenelo moni wanga kwa alamuwo ndi "tadzuka" basi, wopanda "kaya inu".

Zofunika:
masoseji
maapozi
mphesa zouma
buledi wogona
anyezi ndi mazira
mtima wouma (uwu ulipo kale)

Uvuni tilibe. Koma amayi amaphika chigumu pambaula, makala pansi, makala pachivindikiro. Tambala si bwana kuposa chigumu.

Lachiwiri, 20 Disembala

Ku Limbe pa minibasi, thumba la kabichi la munthu wina lili pamiyendo panga. Masoseji ndawapeza, Ambuye alemekezeke! Maapozi ndafunsa mtengo, ndawabwezera pamalo pake ndi manja awiri, mwaulemu. Mphesa zouma mtsikana wa m'sitolo sanazimvepo chibadwire.

Palibe kanthu. Mango ali mbwee kuseri kwa nyumba, masuku akugulitsa pamsewu. Chipatso ndi chipatso.

Amayi amva dongosolo lonse, kenako: "Mango m'ndiwo? Mwanawe, tandiuza zoona, uli ndi pakati?"

Ndilibe. Ndili ndi satifiketi ya Folomu 4.

Lachitatu, 21 Disembala

Kutentha! Papaketi alemba kuti masoseji azikhala m'firiji. Firiji pamtundu pathu ponse ndi imodzi, ndipo mwini wake ndi uja wa phala uja.

Amayi: "Kawapemphe alamu ako."

Bola ndidye paketiyo yosaphika. Ndawaika mumtsuko wa madzi, ndakutira ndi chiguduli chonyowa. Ndikupita kumunda kukabandira chimanga.

Pobwera, mtsuko uli ndi madzi okhaokha. Achimwene anadutsa panjinga yamoto, amayi nkuwapatsira. Chida changa chankhondo chikugona m'nyumba ya mdani, pafupi ndi mafirizesi ake ogulitsa.

Komabe akanaola. Izi ndikuvomera muno mokha.

Lachinayi, 22 Disembala

Buledi wakana kugona, ndi wofewabe. Ndamunyenya, ndayanika palichero pamwamba pa thandala. Ndalowa m'nyumba kukachotsa njere za masuku. Ntchito yake! Suku lonse ndi njere, chotsala ndi kamadzi kokwana kunyambita.

Ndikutuluka: tambala ali palichero, akumaliza. Wandiyang'ana ndi diso limodzi, nkulira.

Abambo ali pakhonde, sanamuingitse nkomwe: "Si umafuna buledi alowe m'mimba mwake? Wakuchepetsera ntchito."

Masuku ndamaliza kudya ndekha chifukwa cha mkwiyo. Okoma kwambiri chaka chino.

Lachisanu, 23 Disembala

Magetsi ku Boma azima chiyambire dzulo. Ndamva kwa amayi ena pachigayo, mtima wanga phwii. Masoseji anga!

Masana uthenga pafoni, wochokera kwa alamu: "Alamu, firiji yasungunuka. Masoseji anu ndawakazinga kuti asaonongeke, ndawathira mafuta ambiri, ndizitenthetsa m'mawa ndi madzulo. Dalitso walirira koma sindinamupatse ngakhale kachidutswa."

Ndawerenga kangapo kufunafuna pomwe pali chipongwe. Sindikupapeza. Mwina chili mu "mafuta ambiri".

Ndayankha "chabwino". Chala chinafuna kuwonjezera "zikomo", ndachigwira.

Mafirizesi awo onse asungunuka, iwo nkumasamala masoseji a munthu wosawapatsa moni. Anthu ena amadziwa kukhumudwitsa.

Loweruka, 24 Disembala

Kutchalitchi: kukolopa, kukongoletsa khola la Yesu ndi udzu, kwaya. Bambo mfumu adutsa nkutiuza kuti Mwana asatipeze ndi mangawa mumtima. Ndamva. Ndiyamba Lolemba.

Ndikufika pakhomo, fungo la nkhuku yokazinga.

Mayo ine!

Tambala ali mumphika, nthulinthuli. Amayi akuti Misa ya mawa ndi yaitali, aphiratu lero. Ndikufunsa mimba ili kuti, yomwe ndimati ndilongemo zinthu.

"Nkhuku yosadula ungaigawe bwanji? Ntchafu ndi za achimwene ako ndi amalume ako, chidale cha alendo, mapiko a iwe ndi alamu ako, zipalapaso za ana. Ukanaika yathunthu patebulo anthu akanangoiyang'ana ngati maliro."

Sabata yonse ndawafotokozera! Akuti ankayesa ndi nthabwala za pafoni.

Ndalira pang'ono kuseri kwa khola. Kenako ndakumbuka kuti mzimayi wa pafoni uja anadulira chiwindi ndi nthutumba m'zolongazo. Ndavuula ziwirizo mumphika, ndaziduladula tizidutswa, ndabisa m'kambale. Mimba palibe, koma zoika m'mimba ziphikidwa basi.

Lamulungu, 25 Disembala

Misa yaitalidi. Tayimba mpaka mawu kusasa.

Alamu afika ndi masoseji m'kontena, onse osasowa ndi limodzi lomwe, ndi buledi wouma gwa. Akuti achimwene anawauza za tambala wakuba uja. Ateleka mpunga wawo, nkubwera kudzandigwirira mbaula. Tasakaniza masoseji, mango, anyezi, buledi, mazira ndi za m'kambale zija. Mumphika, makala pansi, makala pamwamba. Iwo akukupiza moto, ine ndikulamula. Zatuluka zofiirira bwino, fungo mpaka kwa aneba.

Takhala pansi kudya. Abambo avundukula mbale yawo ya ndiwo. Akutembenuza ndi supuni. Akutembenuzanso.

"Nthutumba ili kuti?"

Amalume asiya kusamba m'manja. Amayi akundiyang'ana.

Ndinaiwala bwanji? Abambo akhala chikamwini pamudzi wa amayi chibadwire ine. Munda si wawo, mitengo ya mango si yawo. Chawochawo pakhomo pano ndi njinga ndi nthutumba ya nkhuku. Ine nkuidula ngati anyezi, nkuwachititsa manyazi pamaso pa amalume, alamu awo, tsiku la Khirisimasi.



Alamu anyamuka, atenga mphika wanga wonse, agwada: "Bambo, nthutumba yanu ili umu. Mwana wanu waona kuti ikuchepa, ndiye waikulitsa."

Abambo alawa. Alawanso. "Chigumu cha nyama," atero. Nkukokera mphika pafupi. Poti muli nthutumba, palibe wina angapisemo dzanja. Amalume angomeza malovu. Abambo adya okha mpaka kukokota, thukuta kamukamu, nkunena kuti chaka chamawa ndiphikenso, koma nthutumba ibwere payokha, yathunthu, aziiona ndi maso.

Ndiye sabata yonse ija: ine sindinalawe, alamu sanalawe, wowomba m'manja palibe.

Tsono mpunga. Alamu anauiwala pamoto pokupiza mbaula yanga, Dalitso nkuthiramo madzi ena kuti awathandize. Phala lenileni, lomwa ndi kapu. Funso lija ndalisunga chaka chathunthu, linafika pamlomo penipeni, la odwala a ku mishoni. Alamu andiyang'ana, akudikira, akudziwa kuti ndi nthawi yanga.

Ndatenga supuni, ndawonjezera mpunga m'mbale mwanga.

Potsazikana ati, "Tsalani bwino, alamu." Ndati, "Pitani bwino. Zikomo." Latuluka lokha, sindinaligwire.

Ndathokoza Mulungu chifukwa cha amayi, masuku, mimba ya abambo, ndi mkazi amene achimwene anakwatira. Ndakhululuka theka. Theka linalo ndiona pa Pasaka.