Ndinabaya Malalanje Zaka Ziwiri

Mukandipeza pa boda ya Mchinji ndikugulitsa malalanje, gulani muzipita. Za sukulu musandifunse. Ndinena pano kamodzi kokha, wofuna kuseka aseke.

Titakhoza Fomu 4, ine ndi mnzanga Chisomo tinapeza malo ku koleji ya mishoni yophunzitsa unamwino. Dipuloma, zaka zitatu, chipatala chili pakhomo pomwepo. Chisomo anavina. Ine ndinakwinya nkhope. Ndinkafuna digiri, koma ku yunivesite sananditenge (masamu, musandikumbutse).

"Tiye tikayambe dipulomayi," anatero Chisomo. "Ukagwirako ntchito umatha kubwerera kusukulu n'kukatenga digiriyo."

"Pita ukatayire odwala mikodzo," ndinamuyankha. "Ine ndidzabwera kudzakulamula."

Pakamwa pangapa ndi pamene pandisaukitsa.

Kenako kunabwera amalume, amene amasintha ndalama pa boda ndipo palibe nkhani imene amati sakuidziwa. Anati ku Chipata kwatsegulidwa sukulu yopereka digiri ya unamwino m'zaka zitatu, yosafunsa za masamu.

"Mphwanga, dipuloma ndi kabaza, digiri ndi basi. Ukwera chiyani?"

Mayi anafunsa funso limodzi lokha: "Achimwene, sukuluyo ili ndi chipatala?"

"Akumanga, mlongo wanga, akumanga."

Bambo anagulitsa ngolo ndi ng'ombe zake kuti alipire fizi. Ine ndinathamangira kwa telala pa Kamwendo kukasoketsa yunifolomu yoyera, ndisanaone n'komwe chitseko cha kalasi. Lamulungu ndinaivala ku tchalitchi. (Eya, ku tchalitchi.) Potuluka, azimayi ena anayamba kundionetsa zotupa zawo, ine n'kumagwedeza mutu ngati ndikuonapo kanthu.

Sukuluyo inali nyumba yakale yosungiramo feteleza, fungo likadalimo. Aphunzitsi awiri, ndi chidole chimodzi chopanda mkono. Pophunzira kubaya jakisoni anatipatsa malalanje. Akuti kulikonse amayambira pamenepo. Vuto n'lakuti ife sitinachokepo. Chaka choyamba, malalanje. Chachiwiri, malalanje. Nyengo yake ikatha, mapapaya. Tikafunsa za odwala enieni, yankho linali la amalume lomwe lija: akumanga. Pamalo pa chipatalapo panali mulu wa njerwa womera udzu, mbuzi zikugona pamwamba.

Tsiku lina Chisomo anandiimbira foni akupuma mwa wefuwefu. "Iwe, lero ndathandiza mayi kubereka mapasa! Kwanuko zikuyenda?"

"Ifenso ntchito yatichulukira," ndinatero. Apo n'kuti ndikusenda wodwala wanga kuti ndimudye.

Mapasa amenewo anandisowetsa mtendere. Pa holide ndinakwera minibasi kupita ku Lilongwe, ku ofesi yolembetsa anamwino, kukafunsa ngati digiri yangayo idzandilole kugwira ntchito kuno. Mayi amene ndinamupeza anandiuza kuti ndibwereze dzina la sukuluyo, n'kupukusa mutu.

"Sitikuidziwa. Ngakhale anzathu a ku Zambia sakuidziwa. Mwagwirapo odwala angati, achemwali?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. Ndikanati chiyani, dengu lathunthu?

Ku Chipata ndinabwererako kukatenga bulangete basi. Ku mishoni anandiuza mwaulemu kuti ndikhoza kufunsiranso malo n'kuyambira chaka choyamba. Koma bambo alibe ngolo ina yogulitsa. Fodya wawo tsopano amapita pa ngolo yobwereka, ndipo sanandinenepo ngakhale kamodzi. Bola akanandikalipira. Amalume akuti iwo ankangopereka maganizo.

Chisomo ndi namwino tsopano, ndipo digiri ija wayamba kuiphunzira. Mwezi watha anatsika pa kabaza pafupi ndi dengu langa. Anayang'ana nsalu yoyera imene ndimavundikira malalanje, mabatani akadalipo, ndipo anaizindikira. Sanaseke. Zimenezo zinandiwawa kuposa kuseka.

"Undisankhire otsekemera, mnzanga," anatero.

Ndinamusankhira, ndipo sindinaphonye ndi limodzi lomwe. Pa malalanje palibe angandiphunzitse. Mpaka lero ndikagwira lalanje, chala chimayamba chafufuza pobaya.