Mmene Ndinatalikitsira Mng'ono Wanga ndi Ulusi wa Telala

Ndisakunamizeni, woyambitsa zonsezi ndine. Amayi ena a kutchalitchi kwathu akuti ndi Satana, koma ayi, musamunamizire mkuluyo, tsiku limenelo sanalipo. Ndine ndemwe, mnyamata wa Fomu 3 amene akakolo ake akuwombedwa ndi mphepo ya mu Juni pamene ndikulemba pano. Koma tiyambire poyambira.

Amayi anga ali ndi matenda awiri. Oyamba ndi othokoza. Mvula ikagwa amati, "Tithokoze, fumbi latha." Ikapanda kugwa, "Tithokoze, zovala ziuma." Magetsi akazima nyemba zisanapse, amathokoza kuti mbaula ilipo. Tsiku lina minibasi inawafera panjira ali ndi dengu la nthochi zawo zogulitsa, anafika pakhomo thukuta lili kamukamu akuthokoza kuti miyendo ikugwirabe ntchito.

Matenda achiwiri ndi ogula zazikulu. Akatsikira kumsika wa Tsoka kukasankha kaunjika, sayang'ana mwana amene ali naye, amayang'ana mwana amene adzakhale naye kutsogoloko. "Udzakuliramo," basi nkhani yatha. Ine ndinayamba Fomu 1 ndi jekete loti tikanakwanamo awiri (ndipo tsiku lina mvula itatipeza ndi mnzanga, tinakwanamodi).

Ine ndiye ndinkakuliramo. Vuto linali mng'ono wanga Chikondi, amene timangomuti Chiko. Chiko ali Sitandade 7, koma mutamuona mungamulozere kalasi ya Sitandade 3. Buluku lake la kutchalitchi linagulidwa kalekale, koma linali likusesabe msewu. Apa pokha ndi pamene amayi ankasowa chothokoza. Ankangomuyang'ana akudya phala, n'kupumira m'mwamba. "Ambuye, mwana uyu mwamuiwala pati?" Ndipo Lachinayi lililonse, ku mapemphero a amayi a mpingo, dzina la Chiko silinkaphonya.

Ndiye ndinati bwanji ndithandizeko kumwambako pang'ono.

Kwathu kuchapa ndi kusita zovala za anyamata ndi ntchito yanga, chifukwa amayi amalawirira kumsika, ndipo abambo, omwe ndi dalaivala ku Capital Hill, sadziwa n'komwe kuti simbi imakhala pati. Loweruka lina ndinaika buluku la Chiko m'jumbo n'kupita nalo kwa a Kamwendo, telala amene amasokera pakhonde la shopu ina mu Old Town.

"Amayi andituma, akuti mulifupikitseko pang'ono."

A Kamwendo analitembenuza uku ndi uku. "Kudula sindidula ayi. Ana amakula. Ndingopindira mkati."

"Zoona madala," ndinatero nkhope ili gwa, "amakuladi."

Lamulungu m'mawa Chiko atavala, buluku linali litasiya ntchito yosesa. Amayi anaima chilili, duku lili m'manja.

"Chiko, tatembenuka. Tatembenukanso. Atate ake! Tabwerani mudzaone!"

Abambo anasuzumira, n'kunena kuti "Mm," n'kubwerera ku wailesi yawo. Amayi anaimba nyimbo njira yonse mpaka pageti la tchalitchi.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine patangopita masabata angapo ndinabwereranso kwa a Kamwendo, anapindanso. Kenako ndinapititsa jekete kuti akweze mikono. Kenako buluku kachitatu (ndalama yanga ya zibwente inkathera kumeneko, koma zabwino sizibwera ulele). Pomaliza ndinalowerera nsapato. Nazonso zinali zazikulu, moti amayi ankaikamo nyuzi kutsogolo kuti zisamavuke. Ine ndinang'amba kasiponji ka matiresi akale n'kukakankhira kunsonga kwenikweni. Chiko anayamba kuyenda ngati waponda minga.

"Amayi, zikundithina."

Amayi anachotsa nyuzi ija, nsapato n'kumukwana ndendende. Anakhala pansi pomwepo pasimenti, manja m'mwamba. "Mpaka mapazi, Ambuye! Mpaka mapazi!"

Apa ndi pamene zinayamba kunditembenukira. Amayi anatsimikiza kuti pemphero layankhidwa kudzera m'phala la soya lothira nsinjiro, ndi dzira. Dzira langa la m'mawa linasamukira m'mbale ya Chiko. Nditadandaula anandiyankha osacheuka n'komwe. "Iwe unakula kale. Musiye mnzako, nthawi yake ndi ino."

Chikonso matama anamulowa. Anayamba kuwerama polowa m'nyumba, pakhomo poti abambo amalowa atavala chipewa. Mawu ankawatulutsira pansi pamimba ngati wa besi m'kwaya. "Achimwene, chaka chamawa muzidzandiyang'ana chokweza mutu." Ine ndinkathawira kubafa kukasekera m'thawulo.

Ndiye inafika holide ya Isitala. Lachinayi limenelo mapemphero anali ku Area 11 kwa Mayi Mhango, a kwawo ku Rumphi, omwe amuna awo ndi bwana wa abambo kuntchito. Nyumba yake ndi ya kapinga wometedwa bwino ndi galu wodya bwino kuposa ine.

"Lero ndikapereka umboni," amayi analengeza m'mawa. "Chiko, vala za kutchalitchi. Iwe, unyamule nthochizi."

Tinakwera minibasi. Ndinayesa kukonza zinthu mwaulemu.

"Amayi, umboniwu bwanji mudikire kaye kuti atalike zenizeni?"

"Zenizeni ndiye kuti chiyani?"

"Palibe, amayi."

Pabalaza panadzaza azimayi ovala mabulauzi oyera. Ine anandipatsa kapu ya sobo n'kundikhazika pafupi ndi chitseko. Ataimba n'kupemphera, amayi anaimirira, n'kukonza chitenje.

"Amayi anzanga, mukudziwa mmene ndakhala ndikulirira mwana uyu. Kulera n'kovuta, tonse tikudziwa. Wina akufuna yunifomu, wina akufuna nsapato, m'poto muli mbee. Koma ine sindinasowepo chothokoza. Buluku ili linkasesa msewu, nonse munkaliona. Lero taonani!"

Chiko anaima pakati chifuwa chili patsogolo, masokosi akuoneka bwinobwino. Nthungululu zinalira. Mayi wina anafunsa kuti soyayo akumugula kwa ndani, wina anafunsa ngati dziralo likhale lowiritsa kapena lokazinga. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndipulumuka.

Kenako Mayi Mhango anaombera m'manja. "Anaphiri, izi ndi zazikulu! Wongani wanga nayenso wandisowetsa mtendere. Paja pa sewero la Khirisimasi anali ofanana ndendende ndi wanuyu, tiabusa tiwiri tating'ono. Wongani! Bwera kuno, mwanangu. Imani mopatsana misana tione pamene mnzako wakusiya."

Anaima mopatsana misana.

Abale, ngakhale galu panja anasiya kuuwa. Wongani ndiye anali wamtaliko.

"Mwina ndi tsitsi," anatero mayi wina wachifundo. Koma Wongani anali atameta mpala.

Mayi Mhango anagwada n'kugwira mpendero wa buluku la Chiko. "Nanga mpenderowu wanenepa bwanji ngati mandasi?" Anaona kaulusi kakulendewera, n'kukakoka. Kunangomveka trrrr, nsalu n'kutsika ngati katani mpaka kuphimba nsapato. Mwendo umodzi wokha. Chiko anaima pakati pa mpingo, mwendo wakumanzere utakula, wakumanja usanakule.

Ndikanangokhala chete mwina mlandu ukanagwera telala. Koma sobo ananditulukira m'mphuno. Ndinaseka mpaka kapu inagubuduzika pansi, ndipo maduku onse anatembenukira kwa ine. Amayi sanakalipe. Anangondiloza ndi mlomo.

"Amachapa ndi kusita ndi ameneyo."

Pobwerera tinakweranso minibasi. Chiko anali atapinda mwendo wa buluku uja ndi manja, misozi ili m'maso.

"Ndiye kuti sindinakule, amayi?"

Apa ndivomere, mtima unandipweteka (pang'ono pokha, musandiyese woyera). Amayi anamukokera pachifuwa.

"Ukula, mwanawe. Wadya mazira a mkulu wako mwezi wonsewu, sangapite pachabe. Wongani wangotsogolako." Kenako anawonjezera, "Ndipo tithokoze kuti buluku sanadule."

Mukuona? Manyazi onse aja, pamaso pa akazi a bwana, iwo anapezamobe chothokoza.

Ndinkayembekezera lamba wa abambo, koma sanabwere. M'malo mwake m'mawa mwake amayi sanalawirire kumsika. Anatenga mabuluku anga onse awiri, la kusukulu ndi la kutchalitchi, n'kunditsogoza mpaka pakhonde la a Kamwendo.

"A Kamwendo, paja akuti ndinkamutuma ndine? Lero ndabwera ndekha. Monga munachitira la mng'ono wake, katatu konse, muchitenso awa."

"Ndidule, mayi?" anafunsa a Kamwendo, singano ili pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Osadula. Ana amakula."

Chilango chake n'choti ndivale choncho mpaka teremu ithe, ndipo dzira langa likhalabe kwa Chiko mpaka buluku lake lidzasiye lokha kusesa. Tsiku lotsegulira sukulu anzanga anaseka mpaka aphunzitsi anatuluka kudzaona. Ndinawauza kuti ndi fasho yatsopano ya ku Joni, iwo ndi amene atsalira. Sabata yotsatira anyamata awiri anabwera atapinda awo. Vuto ndi mphepo yokhayi, koma masokosi awiriawiri akuthandiza.

Lamulungu lapitali tikutuluka kupita kutchalitchi, amayi anandiimitsa pakhomo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumasokosi, pang'onopang'ono, n'kuitana.

"Atate ake! Tabwerani mudzaone. Nayenso uyu wakula. Tithokoze."

Abambo anasuzumira n'kunena kuti "Mm," koma ulendo uno anabisa nkhope m'chipewa. Chiko anaseka mpaka kukhala pansi. Ine ndinaongola jekete, n'kuyankha ameni mokweza kuposa onse.